Ku Bulgaria, kutsatira liwu lakuti obichay

Lolemba, 26 Febuluwale, Sofia

Abale anga ndafika bwino ku Sofia koma kukuzizira zosasewera, phiri la Vitosha lomwe lili cha kumwera kwa mzindawu layera mbee ndi sinowo ndipo kamphepo kake kakumalowa mpaka m'mafupa olo uvale majekete ophatikiza. Ndikugona kwa makolo ake a mnzanga uja timagwira limodzi ntchito, ndi iyeyu anandiumiriza kuti ndibwere nyengo ino, akuti ukafuna kuwadziwa anthu akwawo ubwere Malichi akamayamba.

Tatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Serdika, pomwe ukangotuluka ukuona makoma ndi misewu ya mzinda wakale wa Aroma ili pompo, anthu akungodutsa ndi zikwama zawo. Kunja timatebulo ta mavenda ndandanda ndipo onse akugulitsa chinthu chimodzi, tizingwe tofiira ndi toyera topotera pamodzi, tina tovala pamkono tina tili ndi tizidole tiwiri. Nditafunsa kuti n'zachani mnzanga wangoti "obichay", ndiye kuti mwambo, zambiri ndikaziona Lachisanu kwa agogo ake. Madzulo ano akulankhula ndi agogowo pafoni ndamva akutsanzika kuti "obicham te, babo", ndimakukondani agogo. Obichay, obicham. Mwambo ndi kukonda. Inu amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndinaphunzitsapo Chichewa kusekondale ndipo nkhani za matsinde a mawu sizindigonetsa tulo, nde ndafunsa pompo ngati mawu awiriwa ndi a pachibale. Bambo ake a mnzangayo, omwe anali aphunzitsi a Chibulgaria asanapume pantchito, anangomwetulira n'kuti mawa m'mawa tikhale pansi bwinobwino.

Lachiwiri, 27 Febuluwale, Sofia

Lero ndiye tsiku. Kadzutsa anali banitsa, ufa wopyapyala ngati pepala woika tchizi choyera mkati n'kuwotcha mu uvuni, ndi boza, chakumwa chokandapala cha tirigu chowawasa pang'ono. Tisanamalize n'komwe bambo aja anakankhira mbale pambali, anatenga envulopu ya bilu ya magetsi n'kuitembenuza, pensulo m'manja, mnzanga akumasulira.

Analemba tizidutswa tiwiri: ob ndi vyk. Ob ndi mphatikiram'mbuyo, tanthauzo lake kuzungulira kapena kukuta chinthu mbali zonse. Vyk ndi tsinde la mneni wakale vyknǫti, kuzolowera komanso kuphunzira, tanthauzo lonse liwirili m'mneni mmodzi. Mawuwa ndi a chilankhulo chomwe akatswiri amachitcha Proto-Slavic, mayi wa zilankhulo zonse za Chisilavo, chomwe sichinalembedwepo koma amachipeza poyerekeza ana ake. Nde ine ndafunsa kuti bambo, nanga v uja wapita kuti poti mu obichay mulibe? Anasangalala nalo funsoli mpaka kugunda patebulo. Akuti m'Chisilavo chakale b akagundana ndi v, v amagwa. Analemba zitsanzo mmunsi: oblak, mtambo, kuchokera ku ob ndi vlak, chinthu chokokeka n'kukuta thambo, oblast, chigawo cha dziko, kuchokera ku ob ndi vlast, ulamuliro. Nde obvyk anasanduka obyk, lamulo lake lomwelo.

Nanga k kukhala ch? Apa anangoloza diso lawo n'kuti oko, kenaka maso onse awiri n'kuti ochi. Kalekale k akatsatidwa ndi lembo la liwu lotchulira kutsogolo kwa kamwa, monga e kapena i, lilime limasendera kutsogolo ndipo k amafewa kukhala ch. Mu liwu lathuli kutsogolo kwa k kunabwera e wautali, k anafewa, kenaka e uja wotsatira ch anasanduka a. Zotsatira zake obyčajь. Anthu a ku Russia mpaka lero amati obychay, a ku Poland obyczaj, a ku Czech obyčej, a ku Serbia ndi Croatia običaj. Kuno ku Bulgaria y wakale uja anasakanikirana ndi i nchifukwa chake akuti obichay. Ndinaiyang'ana envulopu ija nthawi yaitali, mawu a anthu oyambira ku Prague mpaka ku Vladivostok atakwana pakapepala kamodzi.

Koma sanathere pomwepo ai. Anayamba kuwunjika abale a liwuli omwe anthu akuno amanena tsiku ndi tsiku osadziwa kuti ndi banja limodzi: navik, chizolowezi cha munthu payekha, svikvam, ndikuzolowera, otvikvam, ndikusiya chomwe ndinazolowera, obiknoven, chinthu wamba chomwe maso anachizolowera. Anandichenjezanso kuti vikam, kufuula kapena kuitana, ngakhale akumveka mofanana si wa banjali, ndisadzapusitsike. Kenaka anadzigwira pachifuwa n'kuti uchitel, mphunzitsi. Ndinachita kuti ha! Akuti tsinde lomweli lili ndi nkhope ina, uk, kumene kwachokera ucha, kuphunzira kapena kuphunzitsa, uchenik mwana wasukulu, uchilishte sukulu, ndi nauka sayansi, momwe k watsala osasintha chifukwa kutsogolo kwake kuli a. Vyk ndi uk ndi chimodzi, kungoti mawu akayamba ndi u wautali yemwe anadzasanduka y, Asilavo akale amaikako v kumayambiriro.

Ichi ndiye chandigwira mtima abale. Anthu awa potchula mwambo sanautche chinthu cha m'magazi kapena chobadwa nacho, anautcha chinthu chophunzira, chomwe wina anakuphunzitsa mpaka chinakukuta mbali zonse. Mwambo ndi sukulu tsinde limodzi. Ine ndimakhumudwa kwambiri ndikamamva anthu akuika mwambo uku maphunziro uko ngati adani, kapena akulu akudzudzula ana kuti sadziwa mwambo pomwe palibe anakhala nawo pansi kuwaonetsa.

Masana tadutsa pa laibulale yaikulu ya dziko lino yomwe ili ndi dzina la Cyril ndi Methodius, chipilala cha awiriwa chili kutsogolo kwake, pafupi pomwepo pali yunivesite ya Sofia yomwe inayamba mu 1888 ndipo imatchedwa dzina la wophunzira wawo Kliment wa ku Ohrid. Za iwowa mawa, miyendo yatopa.

Lachitatu, 28 Febuluwale, Rila

Tanyamuka m'mamawa ulendo wa kunyumba ya amonke ya Rila, makilomita pafupifupi 120 kumwera kwa Sofia, msewu wokwera m'mapiri mitengo ili tolotolo mbali zonse. Ukangolowa pachipata maso amachita kudabwa, makonde osanjikizana a mizere yakuda, yoyera ndi yofiira, tchalitchi pakati chojambulidwa zithunzi paliponse mpaka kudenga kwa khonde. Malowa anayamba ndi Ivan wa ku Rila, munthu wopemphera yemwe amakhala yekha kuphanga m'zaka za m'ma 900. Nsanja ya miyala yotchedwa ya Hrelyo ndi ya 1335, zina zambiri anamanganso moto wa 1833 utawononga. Kunja kwa chipata amagulitsa mekitsi zotentha, ufa wokanda wokazinga m'mafuta, ndadya manja ali njenjenje ndi chisanu.

Chomwe ndinabwerera kuno ndi chakuti liwu lathu lija linayamba liti kulembedwa. Cyril ndi Methodius anali pachibale, a ku Thessaloniki, ndipo mu 863 anatumidwa ku Moravia, cha ku Czech ndi Slovakia kwa masiku ano, mfumu Rastislav itapempha anthu oti aphunzitse Chikhristu m'chilankhulo cha anthu ake. Asilavo analibe malembo, nde Cyril anapanga alifabeti yotchedwa Glagolitic n'kuyamba kumasulira mabuku a tchalitchi. Cyril anamwalira ku Rome mu 869, Methodius mu 885, ophunzira awo anathamangitsidwa ku Moravia ndipo amene anawalandira ndi Boris I wa kuno ku Bulgaria mu 886. Kliment anapita ku Ohrid, ena anatsala cha ku Pliska ndi Preslav, ndipo cha kumeneko ndi komwe kunabadwira malembo a Cyrillic omwe ndikuvutika nawo pazikwangwani sabata ino. Kuno ku Rila komwe anapezako timasamba ta zikopa tolembedwa m'Glagolitic.

Bambo aja anandiuza mavesi awiri oti ndiyang'ane mu Baibulo la Chisilavo cha tchalitchi, ndawapeza pafoni titakhala pabenchi pabwalo. Luka 2:42, Yesu ali ndi zaka 12 makolo ake akukwera ku Yerusalemu, palembedwa po obychayu prazdnika, monga mwa mwambo wa chikondwerero. Luka 4:16, Yesu akulowa m'sunagoge ku Nazarete tsiku la Sabata, po obychayu svoemu, monga mwa chizolowezi chake. Liwu limodzi pa mwambo wa fuko lonse komanso pa chizolowezi cha munthu mmodzi. Ndipo ukaganiza bwino nkhani yake ikugwirizana, mwana amene makolo amamutenga kupita naye kuchikondwerero chaka ndi chaka ndi yemwe atakula akulowa yekha m'sunagoge opanda womukoka. Mavesi awiriwa muwasunge, bambo akuti tidzakumana nawonso Lamulungu koma akana kundiuza kuti bwanji.

Lachinayi, 29 Febuluwale, Plovdiv

Lero zambiri palibe, tsiku lathera m'sitima ndi kuyenda pansi. Plovdiv ndi wokongola zedi, mzinda wakale uli pamwamba pa timapiri, misewu ya miyala yoterera, nyumba zotuluka mimba chakumwamba zopaka mitundumitundu, ndi bwalo la zisudzo la Aroma lomwe mpaka pano amachitirapo makonsati. Pakati pa tauni pali mzikiti wa Dzhumaya wa nthawi ya ulamuliro wa Ottoman, ufumu wa a ku Turkey, womwe unatenga zaka pafupifupi 500 kuno. Pamenepo mnzanga wandiuza kuti achikulire ali ndi liwu linanso la mwambo, adet, lomwe analitenga ku Chiteki, a ku Turkey nawo analitenga ku Chiarabu. Palinso traditsiya wochokera ku Chilatini yemwe amakonda a pa TV. Onse alipo koma obichay sanasunthe pamalo pake.

China, zija mumamva kuti kuno akamavomera amapukusa mutu ndipo akamakana amagwedezera m'mwamba ndi pansi ndi zoona, mayi wogulitsa khofi wandipukusira mutu kwinaku akundithirira.

Lachisanu, 1 Malichi, kumudzi kwa agogo

Chestita Baba Marta! Ndi moni wa lero dziko lonse lino. Baba kuno ndi agogo aakazi, nde Baba Marta ndi Agogo Malichi, nkhalamba yosachedwa kupsa mtima, ikaseka dzuwa limawala ikakwiya sinowo imabwerera. Tizingwe tija dzina lake martenitsa, tizidole tija wamwamuna woyera ndi Pizho wamkazi wofiira ndi Penda. Sudzigulira wekha, umapatsidwa ndipo iwenso umapatsa ena, kuwafunira thanzi chaka chonse. Mwambowu uliponso ku North Macedonia, Romania ndi Moldova ndipo UNESCO inaulemba pa mndandanda wake mu 2017.

Agogo a mnzanga amakhala kamudzi kena kunja kwa Plovdiv ndipo iwo za kwa mavenda sazifuna, amapota okha. Tinawapeza atakhala pafupi ndi mbaula ya nkhuni, mipukutu iwiri ya ulusi wa ubweya wa nkhosa pamiyendo, ndi kadzukulutubzi kawo kamtsikana ka zaka mwina zisanu kataima patsogolo pawo. Anamanga mfundo kumapeto kwa ulusi woyera ndi wofiira, anakapatsa kamwanako kuti kagwire, iwo akupota mbali inayo ndi zala zokhota ndi ukalamba koma zachangu, ulusi ukulimba ukulimba, kenaka anaupinda pakati n'kuusiya ndipo unadzipota wokha kukhala kachingwe ka mizere iwiri. Kamwanako kanayesa, kanataya nsonga, zonse zinamasuka, kanayamba kutukula milomo kuti kalire. Agogo sanakakalipire, anangotola ulusi n'kukabwezera m'manja uku akuti "shte sviknesh", uzolowera. Tsinde lija lomwe bambo analemba pa envulopu, vik, lili m'kamwa mwa gogo yemwe za Proto-Slavic sanazimvepo, akulinena pa nthawi yeniyeni imene mwambo ukuchoka m'manja mwake kulowa m'manja mwa mwana. Misozi inalengeza m'maso mwanga, sindikubisirani.

Ineyo anandimanga kanga pamkono okha, atagwira dzanja langa ndi manja onse awiri, ndinati "blagodarya, babo", zikomo agogo, iwo n'kundisisita patsaya. Lamulo lake uvale mpaka utaona dokowe woyamba kapena mtengo woyamba kuchita maluwa, ndiye uvule ukamangirire kunthambi. Madokowe oyerawa nthawi yozizira amathawira kwathu ku Africa, amadutsa pa Bosphorus n'kutsika mpaka kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, Malichi akafika amabwerera. Agogo atamva kuti ndine wa ku Malawi anati ndiye ndiwauze madokowe awo afulumire. Pa mtengo wa magetsi kutsogolo kwa nyumba pali chisa chachikulu cha timitengo, chikadali chopanda mwini.

Loweruka, 2 Malichi, Veliko Tarnovo

Bambo atipeza ndi galimoto, tadutsa Kazanlak n'kukwera phiri pa Shipka pomwe panamenyedwa nkhondo yoopsa mu 1877, asilikali a Russia ndi anthu odzipereka a ku Bulgaria kulimbana ndi a Ottoman. Mbendera zili kale paliponse chifukwa mawa ndi tsiku la ufulu, kukumbukira pangano la San Stefano la pa 3 Malichi 1878.

M'galimoto ndi momwe tamaliza nkhani ya obicham. Inde ndi banja lomwelo, ob ndi vyk yemwe uja. Poyamba limatanthauza kukhala ndi chizolowezi cha chinthu, kenaka kuchikonda chomwe wachizoloweracho, mpaka linadzakhala liwu lenileni la chikondi, obich. Asilavo ena anatenga njira zina, a ku Russia amati lyublyu, a ku Poland kocham, a ku Serbia volim, koma a kuno mnyamata akamafunsira amati obicham te. Mnzanga akuti ena zimawanyansa, eti chikondi chingakhale chizolowezi chabe? Ine ndakana ndithu. Kwathu tikati awa anazolowerana sitikunyoza, tikunena za anthu amene akhalira limodzi mpaka wina akachoka mnzake nsima siimutsika. Bambo anapukusa mutu mwamphamvu, kuvomera kwa kuno.

Tarnovo tafika kukuda, nyumba zakangamira pazitunda pamwamba pa mtsinje wa Yantra womwe ukukhotakhota mmunsi, linga la Tsarevets likuwala magetsi. Unali likulu la ufumu wa Bulgaria kuyambira 1185 mpaka pomwe a Ottoman anaulanda mu 1393.

Lamulungu, 3 Malichi, Nikyup

M'tauni muli ng'oma, malipenga ndi ana onyamula mbendera zoyera, zobiriwira ndi zofiira, koma bambo anati ife tikwere galimoto. Makilomita pafupifupi 20 kumpoto, pafupi ndi mudzi wa Nikyup, pali mabwinja a Nicopolis ad Istrum, mzinda womwe anamanga mfumu ya Aroma Trajan. Kuli zii, misewu ya miyala ikuluikulu yosalala, mizati yogwa ili m'maudzu, ngalande za madzi zikuonekabe pansi pa msewu.

Tikuyenda anayamba kufotokoza kuti tsinde lija si la Asilavo okha, ndi lakale kwambiri, la chilankhulo cha makolo chotchedwa Proto-Indo-European. Ku Lithuania amati junkti, kuzolowera, ndi jaukus, malo omwe munthu umamasukapo kapena nyama yozolowera anthu. M'Chiameniya chakale usanim ndi ndikuphunzira. Ku India, m'chilankhulo cha Sanskrit, ucyati ndi kuzolowera komanso kukondwera ndi chinthu, ndipo okas ndi kwanu, pakhomo pomwe unazolowera. Nde a ku Bulgaria potenga kuzolowera n'kufika nako pa kukonda sanayambe zachilendo, mbewu yake inalimo kale m'tsindemo.

Kenaka anaima n'kuloza minda yozungulira. Akuti cha m'ma 348 bishopu wa anthu otchedwa Agoti, Wulfila, anathawa chizunzo kutsidya kwa Danube n'kudzakhala ndi anthu ake m'dera lino la Nicopolis. Iyeyu anapanga alifabeti ya Chigoti n'kumasulira Baibulo, zaka 500 Cyril ndi Methodius asanapite ku Moravia. Chigoti ndi cha banja la Chijeremani, sichilankhulidwanso, koma Uthenga wa Luka unatsalako m'mipukutu. Anatulutsa kapepala m'thumba la jekete komwe anakopera dzulo lake usiku. Luka 2:42, bi biuhtja dulþais, monga mwa mwambo wa chikondwerero. Luka 4:16, bi biuhtja seinamma, monga mwa chizolowezi chake. Biuhti ndi mwambo, biuhts ndi munthu wozolowera, ndipo akatswiri amaligawa bi ndi uht, uht ameneyu ndi uk yemwe uja wa uchitel ndi obichay. Omasulira a mitundu iwiri yosiyana, osadziwana, nthawi zotalikirana chonchi, atafika pa mavesi omwewo anatola liwu la tsinde limodzi, ndipo onse ntchito yawo inakhudza dziko lino. Ndinawapempha kuti awerengenso mokweza, anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse, kenaka anandiuza kuti ndibwereze pambuyo pawo mpaka þ uja nditamutchula bwino, lilime pakati pa mano.

Tabwerera ku Tarnovo masana kukadya bob chorba, msuzi wa nyemba wotentha, m'kalesitilanti kodzadza mabanja ovala martenitsa mpaka m'zigongono. Mawa m'mawa basi ya ku Sofia. Amene muli ku Poland kapena Czech ndithandizeni kufunsa anzanu kuti obyczaj ndi zwyczaj, kapena obyčej ndi zvyk, amazisiyanitsa bwanji akamacheza, chifukwa onsewa ndi ana a vyk ndipo bambo akufuna ndidzawatumizire yankho.